Tatsala ndi masiku atatu ku Cape Maclear, tithandizeni nzeru

Moni nonse abale. Tinabwera kuno ku Chembe kuti tidzangokhala sabata imodzi, koma lero takwanitsa masabata atatu. Ana akumadzukira m'madzi, kutuluka dzuwa litalowa kuseri kwa chilumba cha Thumbi, maso ali psuu. Loweruka tikubwerera ku Lilongwe, ndalama zatha.

Chikundisowetsa tulo ndi likodzo. Tonse tasamba m'nyanja tsiku ndi tsiku, pena pafupi ndi bango pomwe amayi amatsukira mbale. Wina akuti timwe praziquantel tikangofika kunyumba, wina akuti tidikire masabata angapo chifukwa mankhwalawa sapha tizilombo tikadali tating'ono. Inu munatani? Nanga mwana wa zaka zinayi amamwa bwanji? Kapena tiyambe tayezetsa mkodzo?

China ndi chambo. Apongozi aimba kale kawiri, sindingafike chimanjamanja. Tigule chachiwisi m'mamawa n'kuchithira ayezi, kapena chowamba basi? Usipa wouma tagula kale ndowa imodzi, galimoto yonse ikununkha.

Odutsa msewu wa Golomoti posachedwa, kagalimoto kakang'ono kakwera bwinobwino Khwekhwerere?