Kodi kanjoka kolowa mumchengaka ndi mtundu wanji?

Abale, ndithandizeniko. Dzulo ndikulima pamalo amchenga, m'munsi mwa zitsamba, khasu linafukula kanjoka kakuda, konyezimira ngati kapakidwa mafuta. Mutu ndi khosi n'zofanana kukula, maso ndi timadontho chabe, kumchira kuli kaminga. Sikanathawire patchire ayi, kanangoboola mchenga n'kuzimirira.

Poyamba ndinkati ndi njoka yosaona ija ena amati ya mitu iwiri, yopanda ululu. Koma njoka ina yaululu yotchedwa Atractaspis bibronii imaonekanso choncho, ndipo imeneyo ngakhale uigwire pakhosi imabaya ndi dzino lotulukira cham'mbali, pakamwa pali chitsekere. Ine zoigwira ndiye ayi!

Inu odziwa njoka, ziwirizi mumazisiyanitsa bwanji osazikhudza? Ndikufunsa chifukwa ana amasewera pomwepo opanda nsapato.