Kasitomala Akafunsa Kuti Apereke Zingati Pothokoza

Wofunsa: Anzanga a ntchito yotikita minofu, ndikupempha nzeru. Ku spa kumene ndimagwira ntchito, makasitomala ena akangodzuka pabedi amandifunsa kuti andipatse ndalama zingati pothokoza, ndipo ndimasowa chonena chifukwa ndikatchula chiwerengero ndimaoneka ngati ndikupemphetsa. Vuto lina ndi lakuti ambiri amaonjezera ndalamayo polipira ndi khadi, koma mwezi ukatha sitiuzidwa kuti yakwana ingati.

Woyankha woyamba: Mng'ono wanga, musatchule chiwerengero muli m'chipinda. Munthu amene wangotikitidwa kumene amakhala atalefuka, mafuta adakali pakhosi, maso akulemera ndi tulo, ndipo kukamba naye za ndalama pamenepo ndi kumupanikiza. Muuzeni mwaulemu kuti kangachepe sikokakamiza, ndi kuti ngati wakhutira akhoza kusiya zimene angathe polandirira alendo. Dziwaninso kuti ambiri amafunsa chifukwa zizolowezi zimasiyana. Ku United States anthu amapereka 15 mpaka 20 peresenti ya mtengo wa ntchitoyo, pamene ku Japan kupereka tipu, ndalama yothokozayi, si mwambo, moti wantchito akhoza kuikana. Kachikwangwani kofotokoza zimenezi pafupi ndi maenvelopu oikamo tipu olembapo dzina la wotikita kangakuchotsereni manyazi onsewa.

Woyankha wachiwiri: Ndikugwirizana ndi amayi amene ayankhawa, koma ine nkhawa yanga ili pa ndalama za pakhadi. Achemwali, yambani kulemba m'kope tsiku, nthawi ndi mtundu wa ntchito imene mwagwira, kenaka inu ndi anzanu mupemphe abwana kuti azikuonetsani malisiti mwezi ndi mwezi. Musapite nokha, ndipo musapite ngati okaimba munthu mlandu. Ku England, Scotland ndi Wales, kuyambira pa 1 October 2024, lamulo limakakamiza olemba ntchito kupereka tipu yonse kwa antchito, kuigawa mwachilungamo, ndiponso kukhala ndi ndondomeko yolembedwa ya kagawidwe kake kumalo kumene tipu imaperekedwa kawirikawiri. Ngakhale kumene kulibe lamulo lotere, ndondomeko yolembedwa ndi imene imathetsa kukayikirana. Funsaninso ngati pabilu pamaikidwa kale ndalama ya service charge, yoonjezera pamtengo polipirira chithandizo cha antchito, chifukwa kasitomala akaiona amaganiza kuti wakuthokozani kale, pamene mwina ndalamayo siikufikani.

Woyankha wachitatu: Pali mbali imene sitiyenera kuibisa, makamaka kwa amene angoyamba kumene. Kasitomala akakulonjezani ndalama zambiri ntchito isanayambe, kwinaku akupempha kuti muchotse thaulo pamalo amene liyenera kuphimba, imeneyo si ndalama yothokoza ayi. Ikaneni, imitsani ntchito, tulukani ndipo mudziwitse woyang'anira nthawi yomweyo. Zimandiwawa kuona atsikana akupirira zotere poopa kutaya kasitomala. Komanso amene amapereka zochepa kapena osapereka konse alandire mphindi zake zonse ndi chisamaliro chofanana ndi enawo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, akuluakulu anga. Ndakambirana ndi anzanga ndipo tagwirizana zokaonana ndi abwana pamodzi, titatenga makope athu, kuti tipemphe maenvelopu ndi ndondomeko yolembedwa. Chimene sitinamvane ndi chakuti, kodi olandira alendo ndi ochapa mathaulo azilandirako gawo la ndalamazo? Kwanuko mumagawa motani?