Mlongo wanga amavala thewera ndi bandeji koma sakudwala, nditani?

Nachisale wa ku Joni

Abale, ndithandizeni maganizo. Nkhaniyi sindingaitule kumpingo kapena pa gulu la WhatsApp la kwathu, mawa lomwe ikhala itafika kumudzi.

Ndimakhala ku Johannesburg ndi mlongo wanga wamng'ono, wa zaka 31. Amagwira ntchito yaulonda usiku, mowa samwa, ndipo kumudzi amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Ndikusesa kuchipinda kwake ndinapeza paketi ya mapampasi a akuluakulu pansi pa bedi, pamodzi ndi mabandeji aja otamuka omwe timamanga munthu akabinya mwendo. Mtima unangoti myuu, ndinkaganiza kuti akundibisira matenda. Nditamufunsa anazolika nthawi yaitali, kenako anati, "Achemwali, sindikudwala ine. Ndikavala zimenezi m'pamene ndimapeza tulo." Akuti akaweruka m'mawa maganizo ali mbwee, amavala thewera, n'kumanga bandeji pamkono, mtima n'kukhala pansi. Anayamba mayi athu atamwalira. Kumaliro sanapite chifukwa mapepala ake anali asanalongosoke.

Bambo a kunyumba akuti ndi zizimba, wina wamulamula kuti azitero kuti alemere. Ine ndikukana. Mwana ameneyu ndinamubereka kumbuyo ndine, ndikumudziwa. Koma kodi ndi misala ikuyamba? Alipo amene anaonapo zotere?

Mayi a Tadala, Leeds

Achemwali, pepani ndi za mayi. Ine ndimasamalira okalamba kuno ku England, matewera a akuluakulu ndimagwira tsiku lililonse. Choyamba mumupemphe akayezetse shuga ndi mkodzo. Amuna ambiri amalolera kunena china chilichonse kusiyana n'kuvomera kuti mkodzo ukuwapulumuka.

Akapezeka kuti ali bwino, dziwani kuti si iye yekha. Anthu otere alipo ambiri ndipo pa intaneti amadzitcha ABDL, kutanthauza akuluakulu okonda kuvala matewera kapena kudzichititsa ngati makanda. Mu 2014 ofufuza awiri, Kaitlyn Hawkinson ndi Brian Zamboni, anafalitsa kafukufuku amene anafunsa anthu oterewa pafupifupi 2,000. Kwa ena nkhaniyi imakhudzana ndi chilakolako cha thupi, ndisakubisireni, koma kwa ena n'kungofuna kupepukidwa, kukhala kanthawi ngati munthu wosasenza udindo uliwonse. Komanso sizitanthauza kuti munthuyo ali ndi maganizo oipa pa ana, poti anthu akangomva thewera amathamangira kumeneko.

Taganizani moyo wake. Usiku wonse ali maso kulondera katundu wa eni, kumudzi onse akuyang'ana thumba lake, amene ankamufunsa kuti wadya chiyani anapita. Iyeyo amamusamala ndani?

Mkulu wa ku Ndirande

Za zizimba ine sindikuvomereza, koma musazitengenso mopepuka ngati mmene akunenera a ku Leeds. Zoti kunja alipo ambiri sizimuchiritsa mnyamatayu. Munthu amene sanaponye dothi m'manda a mayi ake maliro amakhala asanawamalize, amangoyenda nawo. Kulira kumene akanalira pasiwa pamodzi ndi abale akulira yekha m'chipinda, ndipo chondiopsa ine n'chakuti azolowera kudzitonthoza yekha mpaka osafunanso munthu. Mapepala akalongosoka mubwere naye. Akaone manda, akhale pansi ndi amalume ake, ndipo ngati chiliza simunamange adzakhalepo tsiku lomanga. Matewerawo musamulande, mungomuchititsa manyazi n'kumuthawitsa pakhomo.

Wosatchula dzina

Ndalembetsa dzina latsopano kuti ndiyankhe, chifukwa za bandejizo ndimachita ndine. Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito muofesi, palibe angandiganizire. Thewera sindinavalepo, choncho ndinena zimene ndikuzidziwa.

Nkhawa ikandigwira, thupi limakhala ngati likumwazika. Ndikakulunga bandeji kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono, pang'onopang'ono, kufinya kuja kumandibweza. Kukulungako pakokha kumatonthoza, chifukwa manja ako akuchitira thupi lako chinthu chachifundo. Si zachilendo kwenikweni. Khanda likamalira timalikulunga zolimba m'nsalu kapena kulimanga kumbuyo, limatonthola. Temple Grandin, mayi wa ku America amene ali ndi autism (vuto lokhudza kakulidwe ka ubongo), anaona ng'ombe zikudekha zikapanikizidwa m'kakhola kobayira jakisoni, ndipo ali ndi zaka 18 anadzipangira makina omufinya thupi nkhawa ikamukulira. Masiku ano m'masitolo muli mabulangete olemera opangidwira zomwezo.

Koma pali chinanso chimene ndinachedwa kuchimvetsa. Tili ana, ukadzitema chala mayi ankang'amba kansanza, n'kukumanga, n'kukuuzira mpweya pabalapo amvekere "pepa, pepa mwanawe." Bala looneka limalandira pepa. Ukathyoka mwendo anthu amabwera ndi nthochi ndi Sobo kudzakuzonda. Mtima ukasweka amati limba, ndiwe wamkulu, ena aona zoposa zimenezi. Ndiye ukamanga bandeji umakhala ukudziuza wekha kuti ululu uwu ndi weniweni, uli ndi malo ake, ukuyenera kusamalidwa. Kwa mwamuna ndiye n'kovutirapo, poti iye ngakhale misozi saloledwa.

Zinthu ziwiri muonetsetse, achemwali. Muone khungu la pansi pa bandejiyo, chifukwa ena amabisa mabala odzicheka okha, ndipo zikakhala choncho musadikire, apite kuchipatala msanga. Ku South Africa kuli bungwe la SADAG lomwe lili ndi manambala aulere oimbira munthu akapanikizika maganizo. Chachiwiri, asamagone atamanga zothina. Zala zikachita dzanzi, kuzizira kapena kutupa, amasule nthawi yomweyo.

Ndipo chonde musamufunse kuti "n'chifukwa chiyani umachita zimenezi?" Funso limenelo limatseka pakamwa. Mufunseni kuti masiku amene zimamuvuta kwambiri ndi ati.

Nachisale wa ku Joni

Zikomo nonse, makamaka inu amene mwadziulula chifukwa cha ine. Dzulo ndinamudikira aweruke, tinamwa tiyi tili awiri. Ndinamupempha andionetse mkono, anandionetsa, palibe bala ngakhale chipsera. Kukayezetsa shuga wavomera, tipita limodzi Lachisanu. Nditatchula za chiliza analira kwambiri, kulira kumene sindinamuonepo chimwalirire mayi, ndipo anandiuza kuti masiku oipitsitsa ndi Lamulungu, chifukwa ndi tsiku limene ankaimbirana foni ndi mayi.

Chatsala ndi bambo a kunyumba. Akuumirirabe kuti tiitane abusa adzapemphere m'chipindamo, ndipo ndikudziwa kuti zikatero mpingo wonse umva, mnyamatayu asamuka usiku womwewo. Mkulu wa ku Ndirande, inu ndinu bambo, mundiuze: mwamuna mnzanu ndingamuyambe bwanji kuti nkhaniyi ithere m'nyumba muno?