Nsapato yathina kasitomala wa ku Mzuzu, transipoti alipire ndani?

Nachisale wa ku Ndirande:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimagulitsa nsapato za kaunjika pa WhatsApp, ndimakasankha ku Limbe m'mawa akamatsegula mabelo. Sabata yatha mayi ena a ku Mzuzu anakonda nsapato yoyera ya zingwe, nkufunsa saizi. Ndinasuzumira palilime pake, ndinaona 8, ndinawauza kuti 8. Anatumiza K28,000 pa Airtel Money, momwemo muli K6,000 ya transipoti. Katundu wafika, akuti phazi silikulowa nkomwe. Akufuna ndalama yawo yonse, komanso yobwezera nsapatoyo ku Blantyre akuti ndilipire ndine. Phindu langa pamenepa linali K7,000 yokha. Ndikalipira ulendo wopita ndi wobwera, si ndiye kuti ndagwira yaulere nkuwonjezapo za m'thumba?

Bambo a Chisomo:
Kaunjika sabweza, achemwali. Pamsika ukagula wagula. Mukawalekerera, mawa adzakuuzani kuti mtundu wake sukugwirizana ndi chitenje.

Anaphiri:
Pamsika munthu amayesa kaye, bambo. Mayi a ku Mzuzuwo akanayesera pa foni? Nachisale, tayang'ananinso palilimepo. Pamakhala manambala angapo, US, UK ndi EUR, ndipo nthawi zambiri ya US ndiyo imayamba. Ife kuno timatchula ya UK. Pa nsapato za azimayi, 8 wa US amagwera cha pa 6 wa UK. Ngati munawerenga ya US, mlandu ndi wanu, ndipo transipoti siingawagwere iwo.

Nachisale wa ku Ndirande:
Ndabwerera pachithunzi chimene ndinajambula tsiku lija. US 8, UK 6. Manyazi andigwira, ndiye ndinalimbana nawo bwanji mayi aja pa foni dzulo!

Mphwanga wa ku Zolozolo:
Musaibweretse ku Blantyre, kumeneko nkutayanso K6,000 ina. Apepeseni, muwabwezere K28,000 yawo, muwonjezerepo yotapira kuti kwa ejenti asakadulidwe. Kenako ikani nsapatoyo pa status kuti ili ku Mzuzu, UK 6. Wovala 6 sasowa, akakaitenga kwa mayiwo. Ine zinandionekerapo ndi jinzi, kuyambira pamenepo nambala ya pa lebulo sindiikhulupirira. Ikakhala nsapato, ndimatulutsa kansalu kopondapo ka m'kati, ndikuyeza ndi tepi ya telala, ndikujambula tepiyo ili pomwepo. Wogula naye ayeze phazi lake, kuchokera kuchidendene mpaka chala chachikulu. Ndipo asanatumize ndalama timagwirizana mu uthenga wolemba: ndikalakwitsa ndine, transipoti ndi yanga, akangosintha maganizo, ndi yawo.

Nachisale wa ku Ndirande:
Ndawaimbira. Avomera kuisunga mpaka Loweruka.