Mkodzo wa bambo ukununkha kwambiri: n'kutentha kokha kapena tipite nawo kuchipatala?

Wa ku Bangula:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Bambo anga ali ndi zaka 58, amalima kudimba m'mbali mwa Shire. Masiku ano akataya madzi kubafa fungo limatsala tsiku lonse, ndipo usiku amadzuka kanayi. Iwo akuti n'kutentha kwa Okutobala basi, kuchipatala akukana poti anamva kuti amuna amawapisa chala. Fungo lotere limachokera kuti? Nanga kuchipatalako amayeza chiyani kwenikweni?

Wa ku labu:
Achimwene, zotenthazo bambo sakunama. Kuno kuchigwa dzuwa likafika madigiri 40, wogwira khasu amataya madzi ambiri m'thukuta, ndiye impso zimaumira madzi n'kutulutsa mkodzo wochepa, wodera, wa fungo loluma m'mphuno. Mijigo ina ili ndi madzi amchere, anthu amangolawa, vuto n'kukula. Ayesere masiku awiri: kapu ya madzi mphindi 20 zilizonse ali padzuwa, kachasu aleke. Mkodzo ukayera, fungo n'kutha, ndiye kuti anali madzi. Adyo ndi mapiritsi a mavitamini nazonso zimasintha fungo, koma kwa kanthawi.

Likapanda kutha, mkodzo ukayezedwe, ndipo apa m'pamene ambiri amaonongera zinthu. Botolo likhale la kulabu, osati la Sobo lotsuka kunyumba, chifukwa kashuga kotsalira kangam'patse munthu matenda amene alibe. Asambe m'manja ndi kumalo obisika, ayambe kukodzera pansi, kenako atape wapakati. Theka la botolo lakwana. Ufike kulabu pasanathe ola limodzi, poti ukakhalitsa m'kutenthaku tizilombo timaswana m'botolo momwemo. Ife timaviikamo kapepala kosintha mtundu, pakatha mphindi ziwiri kamasonyeza ngati muli magazi, mafinya, shuga kapena mapuloteni. Kenako timauona pa maikulosikopu.

Mlangizi wa zaumoyo, East Bank:
Kwa munthu wa kudimba, ine ndisanaganize china chilichonse ndimayamba ndafunsa za likodzo. Nkhono zofalitsa matendawa zili ponseponse m'madambo ngati Elephant Marsh ndi m'ngalande za mthirira. Anthu amati ndi matenda a ana, pamene akulu amakhala nalo zaka zambiri mwakachetechete. Mazira a nyongolotsi amabaya khoma la chikhodzodzo, pamakhala tizilonda, ndiye magazi amadontha kumapeto kwa kukodza ndipo tizilombo tina timapezerapo mwayi. Likakhalitsa limaumitsa chikhodzodzo, limatha kutseka njira zochokera ku impso, ena mpaka khansa ya chikhodzodzo.

Poyeza likodzo katapidwe kake n'kosiyana ndi kamene anena a kulabuwa: pamafunika mkodzo wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pamodzi ndi madontho omalizira, chifukwa mazira amatuluka ambiri nthawi imeneyo. Auzeni a kuchipatala kuti bambo amalowa m'madzi. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, kumwa kamodzi atadya. Munthu wa makilogalamu 60 amamwa mapiritsi anayi. Ayezedwe pasikelo, osati kungoyerekeza.

Dokotala wa ku Chikwawa:
Nonse mwanena zoona, koma mwadumpha mawu amodzi: kudzuka kanayi usiku. Munthu wosowa madzi m'thupi amakodza pang'ono, sadzukadzuka. Pa zaka 58 ndikuganiza ziwiri.

Choyamba ndi shuga. Mkodzo umachuluka, umamveka kafungo kotsekemera, nyerere zimasonkhana pamene wakodza, ludzu silitha. Kuyeza kwake n'kubaya chala m'mawa asanadye. Makina akasonyeza 7 mmol/L kapena kuposa, atayeza kawiri, ndi shuga.

Chachiwiri ndi pulositeti, kachiwalo kozungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo. Amuna akapitirira zaka 50 kamakula n'kufinya njirayo. Mkodzo umachedwa kuyamba, umatuluka mofooka, sutha wonse. Wotsalawo umakhala ngati madzi a pachithaphwi, tizilombo timauwoletsa, m'pamene pamachokera fungo loluma lija. Chinzonono chakale chosachizika bwino nachonso chimasiya chipsera chopanikiza njira.

Za chalazo, auzeni bambo mosabisa kuti n'zoona, koma si zochititsa manyazi monga amazikambira kumowa. Timayamba ndi mafunso, n'kugwira pamimba kuona ngati chikhodzodzo chadzaza. Kenako munthu amagona cham'mbali atapinda maondo, dokotala amavala magolovesi, amapaka mafuta oterera, n'kukhudza pulositeti kudzera kotulukira chimbudzi. Sizitha mphindi imodzi. Yosalala ndi yofewerapo nthawi zambiri ndi kukula kwa ukalamba. Yolimba, ya mabumphu, imafuna kufufuza khansa. Ali ndi ufulu wopempha dokotala wamwamuna.

Sikani imafuna chikhodzodzo chodzaza: amwe madzi okwana lita imodzi kutatsala ola, asakodze. Akamuunika amakakodza n'kubwerera, kuti tione wotsala. Woposa mamililita 100 ndi chizindikiro choti mwina njira yapanikizika. Magazi timayeza creatinine kuti tidziwe za impso, ndi PSA ya pulositeti. PSA imakweranso njira ya mkodzo ikakhala ndi tizilombo, choncho timayamba tachiza kaye. Pakaoneka magazi osadziwika gwero kapena chotupa, timatumiza ku Queens ku Blantyre, kumene amatha kulowetsa kachubu ka kamera m'chikhodzodzo.

Asagule bakitirimu kapena makapisozi pamsika. Amabisa tizilombo poyeza, osatitheratu. Bulufeni ndi indosidi pathupi lopanda madzi zimaononga impso. Ndipo mkodzo ukatsekeka osatuluka konse, kapena akayamba kutentha thupi, kunjenjemera ndi kumva kuwawa m'mbali mwa msana, musadikire kuti kuche. Thamangirani ku Nsanje kapena chipatala chili pafupi.

Namwino wa ku Ngabu:
Ndiwonjezereko za amayi, poti nawonso akuwerenga. Fungo ngati la nsomba kawirikawiri silichokera mumkodzo koma m'chikazi, ndipo limachizika ndi mapiritsi a kuchipatala. Kutsuka m'kati ndi sopo kumangolikuza. Woyembekezera ayezetse mkodzo kusikelo ngakhale sakumva ululu, chifukwa tizilombo tingachititse kuti mwana abadwe asanakhwime. Mayi amene mkodzo umangochucha usana ndi usiku chiberekereni movutika, imeneyo ndi fistula, si ufiti kapena chilango. Amasoka pa opaleshoni, ndipo chipatala cha boma chimalemba kalata yomutumiza kwa akatswiri ake.