Phalombe ku Joni: za mapu a mijigo

Wapampando: Abale, abwana ake a mlembi wathu atipatsa laputopu yakale. A Mlembi, fotokozani.

Mlembi: Zikomo. Ndaikamo kale QGIS, pulogalamu yopangira mapu. Ndi yaulere, silipiritsa laisensi ngati pulogalamu inzake ya ArcGIS. Anyamata awiri kumudzi aike m'mafoni QField, pulogalamu ya pafoni yogwirizana ndi QGIS, aziima pa mjigo uliwonse n'kudina. GPS, imene imazindikira malo amene foni ili, imagwira ngakhale kopanda netiweki. Alembe ngati mjigowo ukutulutsa madzi kapena unafa ndi namondwe wa Freddy mu 2023, ajambulenso chithunzi. Misewu ndi mitsinje titenga pa OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti. Pakufunika R1,500 ya bandulo ndi kabaza.

Malume a ku Hillbrow: Chaulere cha R1,500?

Malume a ku Hillbrow: Mjigo wa pasukulu uja ndakhala ndikumwapo inu musanabadwe. Kompyuta indiuze chiyani?

Malume a ku Hillbrow: Za simenti ya mlatho zili kuti? Tinasonkha miyezi itatu, mpaka lero anthu akuwolokera pa mitengo iwiri ya bulugama. Yambani kuika zimenezo pamapu.

Msungichuma: Malume, malisiti ndinaponya pompano.

Malume a ku Hillbrow: Lisiti la matumba 40, pamtsinje panafika 25. Mlamu wanga anawerenga ndi chala.

Mayi a ku Mayfair: Pepani, ife a foni yokha mapuwo tidzawaona bwanji?

Mlembi: Mu QGIS muli kachida kotchedwa qgis2web, mayi. Kamasandutsa mapu kukhala tsamba la pa intaneti, inu n'kungodina linki. Dontho lofiira mjigo wakufa, lobiriwira wamoyo. Ku khonsolo tikapite ndi chooneka, osati pakamwa pokha.

Mayi a ku Mayfair: Koma malire musajambule. Dimba la kudambo lija mudzaliika kwa amfumu ati? Anthu anatulutsirana zikwanje pamenepo.

Achimwene a ku Yeoville: Dimbalo ndi la agogo athu, aliyense akudziwa.

Mayi a ku Mayfair: Aliyense wake uti?

Mlembi: Mijigo yokha, chonde.

Malume a ku Hillbrow: Anyamata awiriwo ndi ana a ndani? Ndikufunsa dala.

Wapampando: Tikambirana Lamlungu pamsonkhano.

Malume a ku Hillbrow: Ndibwera ndi kope langa la simenti.

Achimwene a ku Yeoville: Alipo akukwera basi ya Blantyre sabata ino? Ndili ndi kathumba ka amayi.