Kachikwama ka pa handulo ya njinga: ndigule kotani ndi ndalama yochepa?

Abale a pa gulu lino, mwaswera bwanji? Ine ndili ku Ulongwe, ku Angónia kuno. Loweruka likakwana ndimapalasa njinga kupita ku Dómuè kapena ku Lifidzi kukaona achimwene, kunyamuka m'mamawa, madzulo ndabwerako. Si za mpikisano ayi, n'kungowongola miyendo.

Chandivuta ndi ponyamulira tinthu. Chikwama cha kumsana ndatopa nacho, ukamakwera chitunda malaya onse amachita kunyowa ndi thukuta. Ndinayesako kumanga jumbo pa kaliyala ndi malegeni, koma foni ikalira mpaka uime, utsike, umasule, ndipo pomwe ukuipeza woimbayo wadula kale. Ndiye mwezi wathawu ndinagula kachikwama ka pa handulo pamsika, ka zomata ziwiri. Nditangosiya tala n'kulowa msewu wafumbi kanayamba kuvina, kenako zipi inatseguka yokha. Sipanala inapita osabwerera. BI, chitupa cha unzika cha kuno ku Mozambique, ndinachita kubwerera m'mbuyo kukaitola m'fumbi, Mulungu ngwabwino.

Zomwe ndimatenga ndi foni, BI, makiyi, chubu chapadera, mapachi ndi guluu, mtedza wokazinga, ndi kajekete poti kuno June ndi July kumazizira kwambiri. Njinga yanga ndi ya magiya, ya kaunjika. Ndili ndi 800 meticais basi. Ndiyang'ane chiyani kuti ndisatayenso ndalama?

Bambo a Chisomo, Moatize:
Achimwene, chomwe chinakulakwirani si zipi, ndi malamba. Kachikwama ka malamba awiri kamalendewera ngati belu la ng'ombe. Pamafunika lachitatu, lapansi, lomangira ku chitsulo cha kutsogolo chija chimene foloko imalowamo. Likakhalapo limenelo kuvina kumatha. Ndipo sankhani malamba a bakolo, osati zomata. Zomata zikangodya fumbi la kwathu kuno miyezi iwiri, zimasiya kugwira. Kukula kwake, malita 3 kapena 4 akukwanirani. Mukagula chachikulu mudzachidzaza, munthu ndi munthu, ndiye katundu akapitirira makilo 2 handulo imalemera, pokhota imakukokani. Pa mchenga mpomwe mudzandikumbukire.

Mayi a Tadala, Tete:
Ndionjezeko za tija tokhala ndi pulasitiki yoonekera pamwamba yoikamo foni. Timaoneka bwino pa chithunzi, koma ine kuno ku Tete mu October, kutentha kukamapitirira madigiri 40, foni inazima yokha ndisanawoloke n'komwe mlatho wa Samora Machel. Kwanuko kumapiri mwina n'kwabwinoko, koma dzuwa ndi dzuwa. Foni ikhale mkati.

NaBanda:
Kkkk mtedza wokazinga ndiye wofunika kuuteteza kuposa BI.

APhiri okonza njinga:
Musanalipire, pitani nayo njingayo. Mangani kachikwamako, muikemo katundu wanu, kenako finyani mabuleki onse awiri n'kutembenuza handulo uku ndi uku mpaka kumapeto. Pa njinga za magiya nthambo za mabuleki ndi za magiya zimadutsa kutsogolo komweko. Chikwama chikazipanikiza, buleki imachedwa kubwerera, magiya nawo amayamba kudumphadumpha, anthu n'kumabwera kwa ife kuti njinga yawonongeka pamene vuto ndi chikwama. Onaninso kuti pansi pake patsale mpata wa zala zinayi kufika pa tayala. Ngati foloko yanu ndi ya masipuling'i siyani mpata woposa pamenepo, chifukwa pa bampu imatsika. Ndinaonapo china chitabooka pansi, tayala litachidya tsiku limodzi. Amene muli ndi njinga zakale za mabuleki a zitsulo, za Hero zija, inu zitayeni izi, zogwirira zake zimagunda chikwama.

Mphwanu wa ku Tsangano:
Ine sindinagule cha m'sitolo. Ndinatenga kachikwama ka m'chiuno pa kaunjika, ka zipi ya mano akuluakulu, n'kupita nako kwa atelala osoka nsapato ndi zikwama. Anandisokerera malamba atatu, kumbuyo kwake mkati anaikamo chidutswa cha chigubu cha mafuta ophikira kuti kasamafwanyike. Mvula ziwiri zadutsa kalipobe. Zoti salowa madzi musazikhulupirire pa mtengo umenewo, madzi amalowera m'misoko ndi pa zipi. Kuyambira November foni ndi BI muzizikulunga m'kajumbo.

Wofunsa:
Zikomo nonse. APhiri, ndatuluka panja kukayeza, ndipo n'zoona, kakale kaja kamatsamira nthambo ya buleki ya kutsogolo, n'chifukwa chake imalira. Njira ya achimwene a ku Tsangano yandigwira mtima. Chigubu chilipo kale, mayi a kunyumba sanadziwebe kuti chatha ntchito. Koma nanga tochi ndiika pati, poti chikwama chikakhala pakati chiziphimba kuwala? Nthawi zina mdima umandipeza ndisanafike ku Ulongwe.

APhiri okonza njinga:
Itsitseni pa foloko, pa bawuti ya madigadi paja. Kachitsulo kake timapinda tokha.